Manja Akamasowa pa Vidiyo: Kuthetsa Mavuto Oyimbirana Foni pa Kompyuta ndi Anzathu Osamva

Dandaulo lomwe limabwerezabwereza pakati pa anthu oyimbirana foni ya vidiyo ndi anzawo osamva ndi lakuti foni yalowa, nkhope zikuonana, koma nkhani siyikuyenda. Mnzanuyo akakweza manja chithunzi chimaima, kenako chimadumpha, ndipo mawu atatu kapena anayi a chinenero chamanja amatayika panjira. Munthu wakumva yemwe ali pafupi amalimbikira kunena kuti netiweki ili bwino chifukwa mawu akumveka bwinobwino, ndipotu apa ndi pamene pagona vuto lonse. WhatsApp, Zoom, Google Meet ndi Microsoft Teams anapangidwa poganizira anthu olankhula ndi pakamwa, kotero netiweki ikafooka amateteza mawu n'kulola chithunzi kuti chiwonongeke, ndipo pamsonkhano wa anthu ambiri amaika patsogolo munthu yemwe akutulutsa phokoso. Kwa munthu wosamva chithunzicho ndiwo mawu ake. Choncho pafupifupi chilichonse chomwe mungakonze ndi kusintha zimene pulogalamu yasankha yokha, kuti chithunzi chikhale choyamba.

Vidiyo ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, ndipo chomwe chimathandiza kuti manja awerengeke si kukongola kwa chithunzi chimodzi koma kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi iliyonse. Bungwe la International Telecommunication Union linatulutsa malangizo mu 1999 okhudza vidiyo yogwiritsidwa ntchito pa chinenero chamanja ndi powerenga milomo. Malangizowo anati cholinga chikhale zithunzi 25 mpaka 30 pa sekondi ndi kuchedwa kosapitirira masekondi 0.4, ndipo kuti zinthu zikavuta zithunzi 12 mpaka 15 zingathe kugwirabe ntchito ngati wolankhulayo sakuthamanga. Kutsika kuposa pamenepa kumapha makamaka kutchula zilembo ndi zala, chifukwa dzina lalitali ngati Chiradzulu limafuna kuti chilembo chilichonse chioneke, ndipo zilembo ziwiri zikatayika mnzanuyo amangoganizira.

Yambani mwadziwa kumene vuto lili

Musanaimbe mlandu netiweki, tsegulani pulogalamu ya Camera ya pa Windows musanayimbe foni, kenako tambasulani zala n'kugwedeza dzanja mofulumira patsogolo pa kamera. Ngati zala zikuoneka zosakanikirana ngati utsi, vuto lili m'chipinda chanu kapena pa kompyuta yanu, ndipo kugula bandulo ina sikungathandize chilichonse. Ngati zala zikuoneka bwino kwa inu koma mnzanu akudandaula kuti mukuima ndi kudumpha, ndiye kuti chithunzi chikuwonongeka panjira. Mayeso amenewa amatenga mphindi imodzi yokha, koma anthu ambiri amawadumpha n'kuwononga ndalama pa chinthu chomwe chinalibe vuto.

Kuwala

Chomwe chimawononga manja kawirikawiri, kuposa netiweki yomwe, ndi mdima. Kamera ya laputopu ndi yaing'ono kwambiri, ndipo kuwala kukachepa imatsegula diso lake nthawi yaitali pa chithunzi chilichonse kuti isonkhanitse kuwala kokwanira. Zotsatira zake ndi ziwiri: zithunzi pa sekondi zimachepa, ndiponso chilichonse choyenda chimaoneka mbuu. Nkhope yomwe yangokhala phee imaonekabe bwino, n'chifukwa chake munthu wakumva saona vuto, koma dzanja loyenda limasungunuka. N'chifukwa chakenso foni yomwe inayenda bwino masana imakanika madzulo ngakhale kompyuta ndi netiweki zili zomwezo.

Masana khalani moyang'ana zenera, osati mopatsa zenera msana, chifukwa kuwala kukachokera kumbuyo kwanu kamera imadzikonza potengera zeneralo ndipo inu mumasanduka chithunzithunzi chakuda. Usiku ikani nyale kuseri kwa laputopu, pamwamba pang'ono pa kamera, kuti iwalitse nkhope ndi manja pamodzi. Babu la padenga lokha limaika mthunzi m'maso ndi pansi pa nsidze, ndipo zimenezi si nkhani ya maonekedwe chabe ayi: m'chinenero chamanja nsidze, maso ndi milomo zimanyamula tanthauzo, moti funso ndi chiganizo wamba zingasiyane ndi kakwezedwe ka nsidze kokha. Magetsi akazima, nyale ya sola kapena tochi yowala kwambiri imathandiza, makamaka mukaiwalitsa pakhoma loyera lomwe lili patsogolo panu kuti kuwala kubwerere mofewa m'malo mokuthobwani m'maso. Kandulo siyokwanira. Zoom ili ndi batani lotchedwa "Adjust for low light" lomwe limawalitsa chithunzi, koma silingalowe m'malo mwa nyale chifukwa silibweza zala zomwe kamera sinazigwire.

Nthawi zina chithunzi chimaphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda pansi pa mababu ena. Magetsi a ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo amayenda pa 50 Hz, pomwe makamera ena amabwera atakonzedwera 60 Hz ya ku America. Fufuzani mawu akuti "Flicker" kapena "Power line frequency" m'makonzedwe a kamera n'kusankha 50 Hz.

Zimene pulogalamu imachita ndi kumbuyo kwanu

Zimitsani "Blur background", yomwe imachititsa kumbuyo kwanu kuoneka mbuu, ndi zithunzi zonse zoikidwa kumbuyo. Ndikunena izi mosanyengerera, chifukwa ndi chinthu chomwe chimadula manja mwachindunji. Pulogalamu imayesa kusiyanitsa munthu ndi chipinda poyang'ana makamaka mutu ndi mapewa, ndipo dzanja likatuluka mofulumira cham'mbali imaliwerengera ngati gawo la chipinda n'kulifufuta. Ntchito imeneyi imalemetsanso kompyuta, kotero pa laputopu yakale zithunzi pa sekondi zimatsika. Ngati simukufuna kuti mnzanu aone m'nyumba mwanu, khalani patsogolo pa khoma lopanda kanthu kapena pachikani nsalu ya mtundu umodzi. Chitenje chamaluwa sichiyenera ntchito imeneyi, chifukwa pulogalamu imawononga deta yambiri poyesa kutumiza maluwawo m'malo mwa zala zanu, ndipo maso a mnzanu amatopa msanga. Chimodzimodzi ndi chovala: chikhale cha mtundu umodzi wosiyana ndi khungu lanu, monga momwe omasulira chinenero chamanja amavalira, kuti manja akadutsa pachifuwa asasowe.

Zimitsaninso makonzedwe omwe amachititsa kamera kutsatira nkhope yokha, omwe pa mapulogalamu ena amatchedwa "Framing" kapena "Auto framing", chifukwa amayandikitsa nkhope n'kusiya manja kunja. Malo omwe chinenero chamanja chimachitikira amayambira pamwamba pang'ono pa mutu kukafika cha m'chiuno, ndi m'mbali mpaka pamene zigongono zafika. Bwererani m'mbuyo mpaka zonsezi zilowe, ndipo ikani laputopu pa tebulo, pamwamba pa mabuku ngati n'kofunika, kuti kamera ilingane ndi maso anu. Laputopu yoikidwa pamiyendo imagwedezeka nthawi iliyonse mukasuntha mkono. Ubwino waukulu wa kompyuta poyerekeza ndi foni ya m'manja ndi womwewu: sikirini ndi yaikulu, ndipo manja onse awiri amakhala omasuka, pomwe wogwira foni amalankhula ndi dzanja limodzi.

Ena amadandaula kuti chithunzi chawo chikuoneka chotembenuka, dzanja lamanja lili kumanzere. Limeneli si vuto, chifukwa pulogalamu imakuonetsani nokha ngati pagalasi koma mnzanu amakuonani mmene mulili.

Netiweki ndi deta

Ngati mayeso aja anaonetsa kuti kamera ili bwino, tembenukirani ku netiweki, ndipo kumbukirani kuti intaneti ili ndi njira ziwiri, yolandirira ndi yotumizira. Kuonera vidiyo za pa YouTube popanda vuto kumangosonyeza kuti njira yolandirira ili bwino. Mnzanu akamakuonani mukudumpha, kawirikawiri ndi njira yanu yotumizira yomwe yapanikizika, ndipo pa netiweki za mafoni njira imeneyi ndiyo imakhala yopapatiza. Pa Zoom lowani mu "Settings" kenako "Statistics" foni ili mkati, ndipo pansi pa "Video" muona zithunzi zomwe mukutumiza ndi kulandira pa sekondi, kuchedwa kwake, ndi gawo la deta lomwe likutayika. Manambala amenewa amathetsa mkangano wakuti vuto lili kwa ndani.

Zoom imanena kuti anthu awiri amafunika intaneti ya liwiro la pafupifupi 600 kbps mbali iliyonse pa vidiyo wamba, ndi kawiri kake, 1.2 Mbps, pa vidiyo yooneka bwino kwambiri ya 720p, yomwe imatchedwa "HD". Tikawerengera kutumiza ndi kulandira pamodzi, vidiyo wamba imadya pafupifupi 540 MB pa ola, pomwe ya 720p imapitirira pang'ono 1 GB. Choncho zimitsani "HD" netiweki ikakhala yofooka, pakuti chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni koma chomwe chikuyenda bwino chimawerengeka kuposa chithunzi chowala bwino chomwe chikuima. Apa tiyenera kuvomereza chinthu chopweteka: munthu wakumva deta ikachepa amazimitsa vidiyo n'kupitiriza kucheza ndi mawu okha pa mtengo wochepa kwambiri, pomwe wosamva alibe njira imeneyo, kotero amalipira zambiri pa macheza omwewo. Ngati ndinu wakumva ndipo muli ndi mwayi, kuthandizana pa bandulo si chifundo chapadera koma kugawana mtengo wa macheza omwe nonse mukupindula nawo.

Ambiri amalumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa foni. Gwiritsani ntchito chingwe cha USB m'malo mwa hotspot ya Wi-Fi, chifukwa chingwe chimakhazikika ndipo foni imakhala ikulandira moto. Ikani foniyo pafupi ndi zenera kapena pamalo pomwe 4G imagwira bwino, ndipo onetsetsani kuti sinagwere pa 3G. Pa Windows yatsani "Metered connection" pa netiweki yomwe mukugwiritsa ntchito, kuti kompyuta isayambe kukoka zokonzanso zake zikuluzikulu foni ili mkati, ndipo imitsani kaye OneDrive kapena Google Drive zomwe zimatumiza mafayilo mwakachetechete pa njira yotumizira yomweyo. Onaninso mtundu wa bandulo yomwe mwagula, chifukwa bandulo ya WhatsApp yokha siyendetsa Zoom kapena Google Meet, ndipo foni ingaduke pakati pa nkhani deta ya intaneti wamba ikatha ngakhale ya WhatsApp ilipo yambiri.

Chinthu chomaliza pambali imeneyi ndi batire. Laputopu ikachotsedwa pa magetsi imachepetsa mphamvu yake kuti isunge moto, ndipo vidiyo ndiyo imayamba kuvutika. Ilumikizeni ku chaja ngati magetsi alipo, ndipo ngati palibe zimitsani "Battery saver" pa nthawi ya foni n'kutseka masamba onse a intaneti omwe simukuwagwiritsa ntchito.

Kamera ikakana kuyaka

Sikirini ikangokhala yakuda, zifukwa zimakhala zochepa. Onani ngati kachitseko kakang'ono kotsekera kamera kali kotsegula, kenako tsekani mapulogalamu ena onse omwe angakhale atagwira kamera, chifukwa nthawi zambiri imatumikira pulogalamu imodzi pa nthawi. Zikakanikabe lowani mu "Privacy & security" pa Windows, sankhani "Camera", n'kuloleza pulogalamu yomwe mukufunayo. Pa WhatsApp gwiritsani ntchito pulogalamu yoikidwa pa kompyuta, yomwe inayamba kulola mafoni a vidiyo mu 2021.

Pamene muli anthu ambiri

Pamsonkhano vuto limasintha nkhope. Pulogalamu imakulitsa chithunzi cha yemwe mayikolofoni yake yamva phokoso, kotero wosamva akuyankhula ndi manja amakhala m'kabokosi kakang'ono pakona, pomwe sikirini yonse yatengedwa ndi munthu yemwe wangotsokomola kapena yemwe kwawo kukulira tambala. Mankhwala ake ndi "Pin", batani lomwe limakhomerera chithunzi cha munthu mmodzi kuti chisasunthe, ndipo lilipo pa Zoom, Meet ndi Teams. Pa Zoom woyendetsa msonkhano angathe kukulolezani kukhomerera anthu angapo nthawi imodzi, ndipo angathenso kugwiritsa ntchito "Spotlight" kuti womasulira aoneke wamkulu kwa aliyense. Mu 2022 Zoom inawonjezera zenera lapadera la womasulira chinenero chamanja, ndipo Teams inabweretsa "Sign language view" yomwe imasunga olankhula ndi manja pamalo amodzi ndi chithunzi chabwino ngakhale wina akuonetsa zolemba. Zinthu zimenezi ziyenera kukonzedwa msonkhano usanayambe, osati wosamvayo atataya kale mphindi khumi zoyambirira.

Onse omwe sakulankhula azimitse mayikolofoni, ndipo ngati netiweki ikuvuta anthu akumva omwe akungomvetsera azimitse makamera awo, kuti deta yochepayo ipite kwa omwe akufunikira chithunzi. Wina akayamba kuonetsa zolemba pa sikirini, zithunzi za anthu zimachepa, choncho pa Zoom sankhani "Side-by-side" n'kukoka mzere wapakati kuti womasulira akule. Woonetsa zolembayo ayenera kupereka mpata woti anthu awerenge asanayambe kufotokoza, chifukwa maso a wosamva sangayang'ane zolemba ndi womasulira nthawi imodzi.

Foni ikamalira osayankhidwa

Si zachilendo kumva munthu akudandaula kuti mnzake wosamva sayankha foni, osazindikira kuti kulira kwa kompyuta ndi phokoso lomwe mnzakeyo sangalimve. Njira yodalirika ndi kutumiza uthenga wolemba n'kugwirizana nthawi musanayimbe. Kuwonjezera apo, pa Windows 11 pansi pa "Accessibility" ndi "Audio" pali makonzedwe ochititsa sikirini kuphethira pakabwera chidziwitso cha phokoso. Pa iPhone pali "LED Flash for Alerts", ndipo Android 14 inabweretsa "Flash notifications", zomwe zimachititsa tochi ya foni kuphethira. Popeza WhatsApp imalira pa foni ndi pa kompyuta nthawi imodzi, mnzanuyo angaone kuphethira pa foni n'kukayankhira pa kompyuta.

Mawu olembedwa pansi pa vidiyo

Si osamva onse omwe amagwiritsa ntchito chinenero chamanja. Ena anasiya kumva atakula, ena amamva pang'ono n'kumadalira milomo, ndipo amenewa amathandizidwa ndi mawu omwe kompyuta imalemba yokha pamene munthu akulankhula. Meet, Teams ndi Zoom zili ndi ntchito imeneyi, ndipo Windows 11 kuyambira mu 2022 ili ndi "Live captions" yomwe imayatsidwa podina Windows, Ctrl ndi L pamodzi, n'kulemba mawu ochokera pa pulogalamu iliyonse, kuphatikizapo WhatsApp. Vuto lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti mawu olembedwawo amatuluka opanda tanthauzo, ndipo chifukwa chake ndi chakuti makinawo amamvetsera chilankhulo chomwe chasankhidwa chokha. Akaikidwa pa Chingerezi inu n'kulankhula Chichewa, kapena n'kumasakaniza ziwirizi monga tizolowera, amasandutsa mawu a Chichewa kukhala mawu a Chingerezi ofanana nawo kamvekedwe. Ngati mwagwirizana kudalira njira imeneyi, lankhulani Chingerezi chokha, mmodzimmodzi, ndi mayikolofoni ya pa mahedifoni yomwe ili pafupi ndi pakamwa, ndipo mayina a anthu, malo, mankhwala ndi ndalama muzilemba nokha m'bokosi la mauthenga. Kwa wowerenga milomo, lankhulani mwachibadwa mutayang'ana kamera. Kukuwa kapena kukokomeza milomo kumasokoneza maonekedwe a mawu.

Musafulumire kuganiza kuti vidiyo ikavuta kulemberana kungalowe m'malo mwake pa chilichonse. Kwa munthu yemwe anabadwa wosamva n'kuphunzira pa sukulu ngati ya Maryview ku Chiradzulu, ya Mua ku Dedza kapena ya Embangweni ku Mzimba, chinenero chamanja ndicho chilankhulo chake choyamba, chokhala ndi malamulo akeake, ndipo Chichewa kapena Chingerezi cholemba ndi chachiwiri. Kulemberana kumakwanira pogwirizana nthawi ndi malo, koma nkhani ya maliro, ya matenda kapena ya ukwati imafunika chilankhulo chomwe munthu amaganizira. Netiweki ikakaniratu, jambulani uthenga wa vidiyo n'kutumiza, chifukwa vidiyo yojambulidwa imafika yathunthu ngakhale itachedwa, ndipo mnzanu angaibwereze pomwe sanamvetse.

Omwe ankadalira Skype, ndi kuyimbira manambala wamba

Mabanja ena omwe ali ndi abale kunja anazolowera Skype kwa zaka zambiri ndipo amadabwa kuti siyikutsegukanso. Microsoft inatseka Skype mu Meyi 2025 n'kulozera anthu ku Teams, choncho palibe chokonza pa kompyuta yanu. Sankhani pulogalamu ina n'kuyesererana musanafike tsiku la nkhani yofunika.

Funso lina ndi la momwe wosamva angayimbire ofesi, chipatala kapena munthu yemwe sadziwa chinenero chamanja. Ku United States kuli Video Relay Service, momwe wosamva amayimba pa vidiyo n'kupeza womasulira yemwe amalankhula ndi mbali inayo pa foni wamba, ndipo ku Britain kuli Relay UK ya zolemba komanso 999 BSL ya chinenero chamanja, yomwe inayamba mu 2022, yoyimbira pa ngozi. Abale osamva omwe asamukira kumeneko adziwe kuti omasulirawo amagwiritsa ntchito chinenero chamanja cha ku America kapena cha ku Britain, zomwe n'zosiyana pa zokha komanso n'zosiyana ndi cha ku Malawi. Kwathu kuno mungakonze zofanana nazo poyimba foni ya anthu atatu, wosamva, womasulira ndi wakumva, ndipo bungwe la Malawi National Association of the Deaf ndi malo oyenera kufunsako za omasulira odziwa ntchito. Pa nkhani za kuchipatala, za ndalama kapena za milandu pewani kugwiritsa ntchito mwana wa m'nyumba ngati womasulira, chifukwa mumamusenzetsa katundu wosayenera msinkhu wake ndipo mumachotsa chinsinsi cha kholo lake. Pa foni yotereyi wosamva ndi womasulira akhomererane zithunzi, wakumva alankhule mwachindunji kwa wosamvayo osati kunena kuti "muwauze kuti", ndipo adikire masekondi angapo akamaliza chiganizo, popeza kuchedwa kwa netiweki kumawonjezera pa nthawi yomwe womasulira amafunika. Musanayambe gwirizanani kuti foni ikaduka ndani ayimbenso, ndipo mupatsane manambala otumizirana SMS, yomwe imafika ngakhale deta itatha.